Vanishi pa Tebulo la Solange

Lolemba, 4 Marichi 1912

Solange wabwera.

Ndalemba kaye zimenezo kuti ndizione ndi maso. Mwana wanga, amene sanaponde m'shopu muno zaka zinayi, chimwalirire mayi ake. Cha m'ma teni koloko ndinali kumata golide pa felemu ya galasi la mayi wina wa ku Passy, belu la pachitseko n'kulira. Ndinakalipa osatembenuka, ndimvekere tsekani msanga, mphepo indiulutsira golide. Ndiye ndangomva, "Ndatseka kale, bambo." Ha! Golide yense phuu, kuuluka ndi mpweya wanga womwe.

Waonda. Tsitsi anadula lalifupi. Msomali wake uja ukadali kuseri kwa chitseko, pomwe ankapachika epuloni, ndipo zaka zonsezi sindinalole munthu kukolekapo ngakhale chipewa. Anauyang'ana, kaya ndimangoganiza ine. Koma chijasi sanavule.

Wabwera ndi chithunzi, chachikulu ndithu. Anachiimika yekha pa choimikira pafupi ndi zenera. Akuti chikupita ku chionetsero chija chomwe aliyense amapachika zake popanda oweruza. Chiyenera kukafika Lolemba pa 18, isanakwane 12 koloko masana. Aka n'koyamba kuti anzake am'patse khoma m'chipinda chawo, anyamata aja amene a nyuzipepala amawatcha a timabokosi.

"Ndikufuna timatabwa tinayi topyapyala, tosapaka kanthu. Golide ayi, maluwa ayi. Musachite china chilichonse, bambo. Felemu yokha."

Ndinati mu Paris muno okhoma timatabwa tinayi alipo mazanamazana.

"Ndikudziwa. Koma ngodya zanu sizitseguka."

Zaka zinayi, mawu oyamba okoma ndi a ngodya. Chabwino, ndalandira.

Ndinafunsa dzina la chithunzicho. Ati "Tebulo". Ndayang'ana, ndapendeketsa mutu, tebulo sindikuliona. Zidutswazidutswa zotuwa ndi zofiirira, ngati mbale yosweka imene wina wasesera pakona. Sindinanene. Tsiku lomaliza limene ndinanenapo maganizo anga pa zojambula zake tinali kuchokera kumanda, ndipo ndinati mayi ako afa ndi manyazi a zinyalala zakozi. Bodza lenileni, mkazi wanga Honorine anafa ndi chifuwa. Koma ndinanena, mwana n'kutenga sutikesi.

Lero ndatseka pakamwa. Abweranso Loweruka.

Lachiwiri, 5 Marichi

Mnzanga Barnabé wafika folo koloko, monga mwa masiku onse. Munthu wajambula ng'ombe zaka makumi asanu, zoima, zogona, zomwa madzi, ndipo mafelemu ake pafupifupi onse ndakhoma ndine. Walowa, waima kutsogolo kwa chithunzi, wachotsa kaliwo kukamwa.

"Anselme, ngoziyi yachitikira msewu uti? Alipo wapulumuka?"

Sanadikire yankho. Ati tinayamba ndi aja a nkhope zobiriwira ndi mitengo yofiira, tinawatcha zilombo, tinkati zafika pamapeto. Kenako a timabokosi. Mwezi watha Ataliyana aja obwera ndi phokoso, amene akuti akujambula liwiro. "Liwiro, mdala! Chaka chamawa atijambulira fungo la tchizi, ndipo iwe udzaliika m'felemu."

Ndinaseka, sindikana. Kenako chinandibaya. Ndinati n'cha Solange.

Anabwezera kaliwo kukamwa, wozimazima. Anayang'ananso nthawi yaitali. "Aaa. Komatu kutuwa kwake n'kwaulemu."

Wabodza wachikulire. Ndinam'thira khofi.

Lachitatu, 6 Marichi

Timatabwa ndadula. Thundu wouma wa zaka khumi, ngodya ndaziyesa katatu, tsitsi silingalowe. Ndikhoma Loweruka iye akaona mtundu wa thabwalo.

Koma chithunzichi chikundisowetsa mtendere. Chauma gwaa. Penti yense wambuu, pena pokhakhala ngati anathiramo mchenga, ndipo ndikakhudza ndi mchengadi. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kudinda pakona, monga timachitira. Abale, kufiirira kwake kumene kunatuluka! Mtundu ulimo, ukungofa ndi ludzu. Pouma malovu, mbuu kachiwiri.

Zaka makumi anayi mphambu zisanu ndi zinayi pa ntchito ino, palibe chithunzi chinatulukapo pakhomo langa chamaliseche. Kale tsiku lopaka vanishi, utomoni wowalitsa zithunzi uja, linali tsiku. Dzulo lake la chionetsero, makwerero ponseponse, ojambula atavala zipewa zazitali akutukwanizana, ine zithunzi makumi atatu dzuwa lisanalowe, Honorine akubwera ndi buledi ndi soseji m'dengu. Masiku ano dzina lokha latsala, anthu amangopitako kukaonetsa madiresi.

Mwanayu vanishi wabwino alibe, ndikudziwa. Wa m'masitolo ndi wosakaniza mafuta, amachita chikasu. Ndipo kupempha sangapemphe, mtima wake ndi wanga womwe. Anati musachite china chilichonse. Koma vanishi ndi "china" ngati? Munthu akati ndiphikire supu, mchere umachita kum'funsa?

Lachinayi, 7 Marichi

Ndapaka.

Ndinatseka chitseko, ndinawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Ndinatsitsa botolo langa lapamwamba, utomoni wa ku zilumba za Agiriki umene ndinasungunula ndekha chilimwe chatha, wopanda dontho la mafuta. Botolo limeneli sindinatsegulirepo kasitomala, ngakhale Barnabé. Burashi yaikulu ija yofewa. Kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere, osabwerera. Chala changa chopindikachi, chimene chinathyoka ndili wophunzira, chikugwirabe burashi bwino kuposa zala zowongoka za anthu ena. Honorine ankati chikhadabo chake chidzawala ndi vanishi mpaka m'bokosi.

Tsopano chithunzi chili waliwali. Zofiirira zazama, zotuwa zadzuka. Tebulo sindikulionabe, koma chikuoneka chinthu cholemekezeka.

Mawu sinditha. Ichi ndiye ndimatha. Aona yekha kuti bambo ake achilandira.

Lachisanu, 8 Marichi

Nkhuku ndagula, ndi vinyo woyera uja amakonda. Mbale ziwiri ndatsuka.

Loweruka, 9 Marichi

Ndilembe bwinobwino, mwina ndimvetsa.

Solange anafika cha m'ma leveni. Ndinali nditaphimba chithunzi ndi nsalu pa timitengo kuti isakhudze, ngati mwana wobisa mphatso. Ndinavundukula. Sanakuwe, bola akanakuwa. Anangoima, manja m'matumba a chijasi.

"Bambo, mwachita chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za utomoni, za chilimwe. Anandigwira mkono n'kundiimika pomwe anaima iye.

"Tayang'anani. Mukuona chiyani?"

Ndinati ndikuona zenera.

"Eya. Zenera, inu, ndi ine. Nanga chithunzi changa chili kuti?"

Ati miyezi khumi ndi inayi. Ati malo ena anafuna ambuu, ena okhakhala, ena osalala pang'ono, kuti diso liziyenda pamwamba ngati dzanja, lisagwere m'kati ngati m'chitsime. Kuuma kumene ndinakuyesa matenda ndiye kunali chithunzicho. Ine ndafafaniza zonse ndi chikopa chimodzi chonyezimira.

Kenako anachinyamula n'kuchitembenuza. Kumbuyo, zilembo zakuda zotalika ngati chikhatho changa: OSAPAKA VANISHI.

Ine Anselme Rocheteau, amene chinthu choyamba chimene ndinam'phunzitsa mwanayu n'chakuti chithunzi chikalowa m'shopu uchitembenuze. Masiku asanu chili pamaso panga. Muyeso ndinatengera kutsogolo. Sindinachinyamule olo kamodzi, kaya n'kuchiopa kaya n'kuchinyoza.

"Tonse timalemba choncho," anatero, "kuopa ogulitsa zithunzi ndi okhoma mafelemu. Polemba ndinachita manyazi. Ndimati bambo anga akaona aziti ndikuwayesa mlendo."

Ndiye pakamwa pangapa. M'malo mopepesa, ndimvekere, "Komatu chakongola."

Anandiyang'ana. Maso a mayi ake.

"Paja munati ndi zinyalala. Lero mwazipukuta kuti ziwale. N'chimodzimodzi, bambo."

Ndinafunsa za pa 18. Ati palibe chotumiza, china chachikulu alibe. "Ichi chisungeni. Ndi chanu tsopano." Anatseka chitseko pang'onopang'ono, poopa golide.

Nkhuku ili mumphika. Ndikumva chisoni chimene sindinamve chiikire Honorine.

Lamulungu, 10 Marichi

Kumanda. Kamvula kowaza. Ndinamuuza Honorine zonse, nditaima ngati mwana wasukulu. Ndikudziwa chimene akanayankha: iwe Anselme, mphatso zako zonse zimakhala zimene ukufuna iweyo. Anandiuzapo zimenezi chaka chimene ndinam'gulira macheka pa tsiku lake lobadwa.

Nkhuku wadya ndi B. Sananene nthabwala ngakhale imodzi, mpaka ndinam'kalipira kuti asiye kunditenga ngati wodwala.

Lolemba, 11 Marichi

Mankhwala osungunulira sangatheke. Pentiyu ndi wamng'ono, sanakhwime, achoka limodzi ndi vanishi n'kutsala chinsalu chokha. Ndayesa kadontho m'mphepete mobisika, thonje latuluka lofiirira. Basi, botolo ndabweza.

Ndili kumwa khofi ndinakumbukira mdala Tessereau, amene anandiphunzitsa ntchito. Iye vanishi wa utomoni ankachotsa ndi chala chokha. Umapukusa ndi nsonga ya chala, mozungulira, mosakanikiza, mpaka utomoni uphwanyike n'kukhala kaufa koyera, ndiye kaufako ndi kamene kamapera kotsatira. Penti sakhudzidwa, dzanja likakhala laulemu. Zimatheka ndi vanishi wopanda mafuta yekha. Mwayi wanga ndi umenewo, kuuma mutu kwanga kwandithandizako kamodzi.

Ndinachitapo ndili ndi zaka makumi awiri, pa kachithunzi konga mbale, ndipo ndinalira sabata yonse. Ichi ndayesa ndi dzanja: zikhatho 140. Chikhatho chimodzi, theka la ola. Nyale siithandiza, kuwala kotsala kumaoneka ndi dzuwa lokha likamalowa cham'mbali. Masiku asanu ndi limodzi, ndi kam'mawa ka Lolemba. Zikwana ngati mitambo ingandimvere chisoni.

Lero vanishi akadali wonyata pang'ono. Mbaula ndasonkha tsiku lonse, zenera ndatsegula kampata. Pachitseko ndalemba kuti ndatseka. Galasi la mayi wa ku Passy lidikire, azidzionera kaye m'madzi.

S. sindimuuza. Akhoza kukana, ndipo angakhale akulondola.

Lachiwiri, 12 Marichi

Wauma. Ndayambira pamwamba kumanzere. Kanthawi koyamba palibe chochitika, chala kumangoterereka, mtima n'kuti myuu. Kenako kaphokoso kaja, tsetsetse, kaufa n'kuyamba kugwa. Pansi pake mbuu, monga chinabwerera. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale kuona penti wakufa.

Zikhatho 21. Msana ndiye ukulankhula.

Lachitatu, 13 Marichi

24. Kunja kwawala bwino.

Zinthu ziwiri.

Choyamba, m'mphepete momwe chinsalu chapindikira ndaona chimene anayala pansi asanayambe kujambula. Choko ndi guluu wa zikopa, mopyapyala, kangapo. Ndi kasakanizidwe kanga! Kamene timayala pa thabwa tisanamate golide. Palibe sukulu imaphunzitsa zimenezo, anaphunzira pa tebulo lino. N'chifukwa chake penti wake amauma choncho, choko chimamwa mafuta. Ndiye kuti kuuma kumene ndinakukwirira kuja kunachokera m'manja mwanga momwe.

Koma choko chomwecho chamwanso vanishi wina. Ameneyo chala sichingam'fikire. Zofiirira zizikhala zodera pang'ono mpaka kalekale.

Chachiwiri. Masana ndikupukusa cha pakati, chala chinatsata kamzere kokhota, n'kufika pa kamfundo, n'kukhotanso. Chala chinadziwa maso asanadziwe. Ndinatembenuka. Kapoto kanga ka guluu kali apo pa mbaula, chogwirira chake chimene ndinamanga ndi waya chaka chimene S. anabadwa, mfundo yake yomweyo. M'chithunzimo kapoto kathyoledwa patatu, kukamwa kwake uku, mimba yake uko, koma chogwirira ndi chimenecho.

Tebulo lake ndi langali.

Ndinakhala pansi kaye. Theka la ola latayika.

Lachinayi, 14 Marichi

B. anati andithandize. Ndinam'patsa kangodya. Munthu akukanikiza ngati akukama ng'ombe zake zija! Ndinam'thamangitsa mphindi zisanu zisanathe. Ati chabwino, apite akagwire ntchito ya miyendo, akaonane ndi S. Ndinati usayerekeze. Anapita.

Wabwera folo koloko ali wefuwefu, akutukwana masitepe a kuphiri kwa S. Akuti S. amakhala m'chinyumba cha matabwa chodzaza ojambula, Arasha, Asipanya, a ku Poland, mpopi umodzi onsewo, kuzizira kwake ngati kunja. Anam'peza akusenda mbatata. Wauza kale anzake kuti khoma lake apatse wina. Koma mayi wina wa Chirasha wokhala chipinda choyandikana, wosuta kuposa B., anati khomalo palibe aligwire mpaka Lolemba masana, wofuna ayambe wamenyana ndi iye.

"Nanga iwe unati chiyani?"

"Ndinati bambo ako apenga, akudya chithunzi chako ndi zala."

"Iye?"

"Anasiya kusenda. Amvekere, ndi zala? Ndinati eya. Amvekere, chonsecho? Ndinati eya. Kenako anapitiriza kusenda."

"Basi?"

"Basi. Mbatata ina anaisenda mpaka inatha."

Njira imeneyi akuidziwa. Ndinkamuuza nkhani ya mdala Tessereau ali wamng'ono, iye n'kumandigwira zala kuona ngati zinamera zina.

22 lero. Chala cholozera chasalala ngati galasi, sichikugwiranso. Ndasinthira chapakati.

Lachisanu, 15 Marichi

Tsopano ndikupeza zinthu paliponse. Kampeni kodulira golide. Mng'alu wa pa zenera. Mzere wa dirowa yachitatu, ya misomali. Koma cha m'munsi muli zinthu zimene zinandizunguza m'mawa wonse: thabwa lopingasa, mitu iwiri ya zitsulo, ndi kamzere kofiira kokhotakhota. Pa tebulo langa palibe zotere. Ndalizungulira kawiri.

Kenako nzeru inabwera, yopusa. Ndinagwada, mawondo akulira, n'kukwawira kunsi kwa tebulo.

Zonse zili mmenemo. Thabwa lopingasa. Zitsulo ziwiri. Ndi kamzere kofiira, ka choko chofiira, kamene winawake anajambula kunsi kwa tebulo langa ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, ine osadziwa mpaka lero. Ankakhala mmenemo tsiku lonse ndi timatabwa totsala, Honorine akamagulitsa kutsogolo.

Ndinakhala momwemo n'kumasuzumira chithunzi. Ndiye ndinaona. Mwanayu tebuloli analiona koyamba ali kunsi. Kenako ali wamtali mofika pamphepete, maso ndi mphuno zokha, kapoto akukaonera cham'mbali. Kenako ali wamkulu, ataimirira pambali panga, akuyang'ana kuchokera pamwamba. Wajambula zonsezo pamodzi, chifukwa m'mutu mwake zili pamodzi. Ine ndimafuna tebulo la tsiku limodzi. Iye wandipatsa la zaka makumi awiri.

Kaya anzake a timabokosi amatanthauza zomwezo, sindikudziwa, ndipo sindikusamala.

B. anandipeza momwemo. Anawerama, kaliwo kali pendapenda.

"Anselme, wataya chiyani?"

Ndinati khala chete undikoke. Kudzuka kunavuta. Anandikoka miyendo ngati mwana wa ng'ombe wobadwa chambuyo, tonse n'kugwera m'utuchi. Tinaseka mpaka kutsokomola. Kenako ndinalira pang'ono, iye n'kunamizira kufunafuna fodya.

20 yokha. Koma sindikudandaula.

Loweruka, 16 Marichi

Pamchenga. Mayo ine.

Apa kupukusa sikutheka bwino, vanishi analowa m'mipata ya timiyala, ndiye n'kutsata kamwala kamodzikamodzi. Khungu latha pa zala zitatu. Magazi akangoonekera ndikusiya msanga, n'kusintha chala, chithunzi cha mwini chisadetsedwe. Ndayamba kugwiritsa chachikulu chopindikachi, ndi za kumanzere.

Ndalakwitsa pamodzi. Kutopa. Ndinakanikiza, penti n'kuchoka, malo onga kanyemba, choko chikuoneka choyera. Burashi ndinaigwira kale m'manja, mtundu wake ndikanausakaniza mphindi imodzi, palibe akanadziwa. Ndinaibweza m'chitini. Zokonzera anthu zinthu zawo zakwana. Ndidzam'sonyeza.

Mitambo masana onse. 19. B. wabweretsa supu ya anyezi kuchokera kwa mlongo wake, wandigwirira ndi buledi yemwe poti sindikutha kunyema. Ati zala zanga zikuoneka ngati soseji za pa Khirisimasi.

S. sanabwere. Sindimayembekezera. Koma belu likalira mtima ukudumpha.

Lamulungu, 17 Marichi

Ndikulemba ndi lamanzere, zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Dzuwa tsiku lonse, zikomo. 26, sindikudziwa kuti ndatha bwanji. Zatsala 8.

Pakona ya m'munsi kumanja ndapezapo dzanja. Zidutswa zokhazokha, koma chala chachikulu n'chathunthu, chopindika, chagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndachilambalala. Ndichita pomaliza. Sindikudziwa chifukwa chake ndikuchita nacho manyazi.

Lolemba, 18 Marichi

Ndinayamba kutangoyera. Pofika naini koloko kunatsala chikhatho chimodzi, cha chala chija. Belu.

Solange. Anali yekha, wa ngolo yokankha atamusiya panja. Ngolo! Ndinaiona pa zenera, koma sindinayerekeze kufunsa.

Moni sanapereke. Anapita pa chithunzi. Anaima kutali, anasendera pafupi, kenako anaika tsaya m'mphepete n'kuyang'ana mopingasa molunjika kuzenera, mmene ndinam'phunzitsira. Nthawi yaitali. Ine ndili chilili, manja kumbuyo.

"Sichinabwerere chonse."

Ndinati ayi. Choko chinamwa. Zofiirira sizidzayeranso.

"Eya."

Ndinam'sonyeza kanyemba kaja. Ati wakaona kale. "Simunakapake?" Ndinati si kanga. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera ku chithunzi.

Ndinati andipatse theka la ola ndimalize pakonapo, nthawi ilipo. Ndikutambasula dzanja anandigwira pamkono. Analitembenuza, n'kuona mabandeji a B., omangidwa ngati akumanga mwendo wa ng'ombe. Anamasula imodzi. Anamanganso bwinobwino.

"Pamenepo pasiyeni."

Ndinati pakuwala.

"Chala chimenecho chakhala chikuwala chibadwire ine. Apo pokha ndi pomwe munalondola."

Ndinati ndinalowa kunsi kwa tebulo.

"Ndamva. A Barnabé auza Paris yense."

Ndinati kamzere kofiira ndakaona. Anaseka pang'ono, kuyang'ana kumbali. Ati ankaopa kuti ndikadzakapeza ndidzam'kwapula.

Ndiye ndinanena, chifukwa ndikanadikira sindikananenanso. Ndinati Solange, mayi ako anafa ndi chifuwa.

Panja wa ngolo akuimba kamluzu.

"Ndikudziwa, bambo. Ndinalipo."

Ndinati ndikudziwa kuti ukudziwa. Ndimafuna umve kuti inenso ndikudziwa. Pepa, mwana wanga.

Anapukuta mphuno ndi mkono wa chijasi, monga ankachitira kalekale mayi ake n'kumakalipa. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma. Ati nanga felemu? Timatabwa tili apo chidulire, tosakhoma. Ndinatola hamala, inandipulumuka n'kugwa pansi. Zala zikukana kupinda.

"Khalani pansi, bambo. Mungofuna kuswa china."

Anavula chijasi. Anachipachika pa msomali uja osayang'ana n'komwe, dzanja linangopita lokha. Anapinda malaya m'mikono, n'kukoka dirowa yachitatu.

Ndikulemba izi nditakhala pa kampando pafupi ndi mbaula, iye akukhoma. Teni koloko yangodutsa, afika bwino. Ati wa ngolo akanyamuka ine ndiyende pambali ndizigwirizira, koma ndi chigongono, osati zala. Ati tikabwerako tione ngati vinyo uja a Barnabé anam'siyako.

Ngodya yachiwiri waipotoza pang'ono, tsitsi likhoza kulowa. Ndikuiona ndili pano.

Sindinena kanthu.